ZA MUDZI WOPUMIRAMO PA NCHITO: MAU ONENEDWA PA MSONKHANO WA KU MZUZU

Mrandu ndi uwu: munthu akafika zaka 60 napuma pa nchito ya Boma, akakhale kuti, ndipo akadye ciani?

Ambiri a ife amene tinagwira nchito ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndi ena obwera ku Joni, mtima wathu uli pa Mzuzu. Cifukwa cace cidziwika. Cipatala cacikuru ciri pano, ndipo nkhalamba yodwala shuga siyenera kutalikirana ndi dotolo. Madzi a m'mipope acokera ku Lunyangwa. Wofuna kuona abale ku Ekwendeni kapena ku Nkhata Bay apita m'mawa nabwera tsiku lomwelo. Cisanu ca mwezi wa June cokha ndico mafupa athu adandaula naco.

Koma tikumbuke kuti mudzi uno unabadwa ndi nchito, pamene kampani ya azungu inadzabzala mitengo ya tung m'zaka za m'ma 1940. Tung anatha, koma mudzi unakula nukhala mzinda mu 1985, ndipo pa kalembera wa 2018 anthu ace anapitirira 220,000. Pa anthu otere imvi sizipatsidwa nsima kwaulere monga kumudzi. Ufa, makala, ngakhale ndiwo za masamba, zonse nzogula.

Tsono ndalama za penshoni zimene munthu alandira pamodzi zioneka zambiri tsiku loyamba. Mu November 2023 Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100, ndipo amene anangozisunga anaona zikusungunuka m'manja. Ena athamangira kugula minibasi, cinkana sanatsegulepo injini ciyambire. Ife tiyesa kuti njira imeneyi idyetsa woyendetsa ndi makaniko, si mwini ai. Nkwabwino munthu agwire cimene manja ace acidziwa kale. Mphunzitsi aphunzitsebe, kalipentala asataye cipangizo cace, wokhala ndi malo ku Luwinga amange zipinda za ophunzira a Yunivesite ya Mzuzu, imene inatsegulidwa mu 1999. Ndipo pogula puloti, tiyambe taona mapepala ace, tisamange pa matsitso monga a ku Masasa, kumene mvula ikacuruka makoma agwa.

Kwa inu mafumu tiri ndi pempho limodzi. Mwana wanu akasankha kukhala m'tauni, musamuyese mcona ndi kugawira ena munda wa makolo ace. Pakuti matumba a cimanga ocokera kumeneko ndiwo adzamsunga penshoni ikacedwa, ndipo tsiku lomariza mudzamlandira ndinu. Ife tilonjeza kulima mundawo caka ndi caka, ndi kufika pa maliro ndi pa nchito za mudzi.

Tipempha mlembi alembe pempholi, kuti mafumu atiyankhe pa msonkhano ulinkudza.