MAGETSI: KUMENE AMACHOKERA NDI MMENE AMAYEZEDWERA

Lero tikambirana za magetsi, ndipo nkhaniyi ikukhudzanso inu amene waya sanafike pamudzi panu.

Magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa mathithi a mtsinje wa Shire. Madzi akamatsika mwaliŵiro amazunguza chigudumu chachikulu, ndipo chigudumucho chimazunguza maginito pakati pa mawaya okulungakulunga. Pamenepo m'mawayamo mumayamba kuyenda magetsi. Amene anatulukira nzeru imeneyi ndi Michael Faraday wa ku England, m'chaka cha 1831. Kuno kwathu makina a pa Nkula anayamba ntchito mu 1966, a pa Tedzani mu 1973, ndipo a pa Kapichira mu 2000.

Tsono poyeza magetsi pali zinthu ziŵiri zimene anthu ambiri amazisokoneza. Taganizani za munthu amene ali m'munda ndi khasu. Liŵiro limene akulima nalo ndi nkhani ina, ndipo kukula kwa ndime imene walima poŵeruka ndi nkhani inanso. Wanyonga atha kumaliza ndime m'maŵa wokha. Wofooka athanso kumaliza ndime yomweyo, koma dzuŵa litapendeka.

Magetsi alinso chimodzimodzi. Liŵiro limene chiŵiya chimadyera magetsi limayezedwa m'mawati, dzina lochokera kwa James Watt wa ku Scotland. Mawati 1,000 ndiwo kilowati imodzi. Koma chimene timalipira ndi ndime ija, ndiyo yuniti. Chiŵiya cha kilowati imodzi chikagwira ntchito ola limodzi, chadya yuniti imodzi.

Tiyeni tiŵerengere pamodzi. Babu lakale la mawati 100 limamaliza yuniti m'maola 10. Babu lamakono la LED la mawati 10 limamaliza yuniti yomweyo m'maola 100. Ketulo ya mawati 2,000 imaimaliza m'theka la ola. Motero amene mumadandaula kuti mayuniti sakukhalitsa, musathamangire kukalipira ana chifukwa cha wailesi. Yang'anani poyamba ziŵiya zotenthetsa: mbaula, ayironi ndi ketulo.

Nanga amene nyumba yanu ilibe magetsi, phindu lanu lili pati? Chimanga chanu chimagayidwa pa chigayo cha magetsi. Katemera wa mwana wanu amasungidwa m'firiji kuti asawonongeke. Mayi akavutika pobereka usiku, dokotala amafuna nyale yoŵala bwino. Pampu yotumiza madzi ku mipope ya m'tauni nayonso imadalira waya womwewo.

Kufunika kwake tinakuona mu Januwale 2022, pamene madzi osefukira a namondwe Ana anawononga damu la Kapichira. Dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuzimazima kwa magetsi kunavuta mpaka makinawo atabwezeretsedwa mu 2023.

Mdani wina amabwera mwakachetechete. Mitengo ikadulidwa m'mapiri ndi m'mbali mwa mitsinje, mvula imakokolola nthaka n'kuithira mu Shire. Matope amadzaza madamu, namasupuni ndi zinyalala zimatseka poloŵera madzi, ndipo makina amaima. Choncho mlimi wa ku Ntcheu kapena ku Balaka amene wasunga mitengo m'mbali mwa mtsinje wathandiza kuti nyale ya pa chipatala isazime.