Zimene Nkhwangwa ya Mkuwa Imatiuza

Lero ndikufuna tikambeko za nkhwangwa, koma ndiyambira kutali.

M'chaka cha 1991, anthu okwera mapiri a Alps anapeza mtembo wouma m'madzi oundana, m'malire a Italy ndi Austria. Mwamunayo, amene anamutcha Ötzi, anafa zaka pafupifupi 5,300 zapitazo, ndipo pafupi naye panali nkhwangwa yake, mpini ulipobe. Akatswiri atayiyesa anapeza kuti mwa magawo 100 alionse, 99.7 ndi mkuwa weniweni. Anatha kudziwanso kuti mkuwawo unakumbidwa ku Tuscany, makilomita mazanamazana kum'mwera, pakuti tizitsotso ta mtovu totsalira mu mkuwa timasiyana mgodi ndi mgodi, monga chilankhulo chimaululira kwawo kwa mlendo.

Kapangidwe kake kanali kotere. Mmisiri ankatentha miyala ya mkuwa pamakala, akupemerera moto kufikira utapitirira madigiri 1,085, pamene mkuwa umasungunuka. Ankauthira m'chikombole, ndipo ukazizira ankasula kukamwa kwake. Kusulako sikunali kokongoletsa ayi: mkuwa ndi wofewa, koma ukamenyedwa umalimba. Nkhwangwa ya Ötzi anailowetsa mu mpini wogongonyera, naimata ndi phula la makungwa, naimanga ndi zingwe zachikopa.

Ngakhale zinali choncho, nkhwangwa yotere sinkachedwa kubuntha. Amisiri a pambuyo pake anazindikira kuti gawo limodzi la tini likasakanizidwa ndi magawo ngati 9 a mkuwa, pamatuluka chitsulo cholimba kwambiri, chosavutanso kuthira m'chikombole. Chimenechi ndicho buronzi. Vuto linali tini, amene amapezeka m'malo owerengeka, monga ku Cornwall ku Britain. Wofuna nkhwangwa yabwino ankayenera kugwirizana ndi amalonda a kutali.

Nanga kuno kwathu? Makolo athu njira imeneyi sanaidutse. Atasiya nkhwangwa zamwala anapita kuchitsulo cha m'ng'anjo. Sikuti mkuwa sankaudziwa: ku Kansanshi, m'dziko la Zambia, unkakumbidwa zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo m'manda a ku Ingombe Ilede, pafupi ndi mtsinje wa Zambezi, munapezeka mitanda ya mkuwa ndi makoza. Ine ndimati anasankha mwanzeru. Amene ali ndi chitsulo chogwetsera mtengo wa tsanya, mkuwa amausungira malonda ndi ulemu.

Tsono chondidetsa nkhawa nachi. Masiku ano ogula zitsulo zakutha akuyenda mudzi ndi mudzi ndi sikelo, ndipo makoza a agogo ndi nkhwangwa zakale zikupita limodzi ndi miphika yobowoka. Zikasungunulidwa ndi kusakanizidwa, palibenso katswiri amene angadziwe mgodi umene zinachokera. Mukapeza zotere polima, musazikweche ndi mchenga. Kumbukirani malo ake, dziwitsani amfumu, ndipo iwo auze a kunyumba yosungiramo zinthu zakale.