Pepala likanyowa, umboni usathere pomwepo

Awa ndi mawu omwe tinayankhula pocheza ndi amayi komanso atsikana pa chilumba cha Chisi. Tawaika pano kuti nanu a m'tauni muwerenge, ndipo mukapita kumudzi mukawagwiritse ntchito.

Zikomo amayi, zikomo atsikana, mwasiya matemba pathandala kuti mudzakhale nafe. Sitikuchedwetsani.

M'mawa uja tikukwera bwato pa Kachulu, tinakhala moyandikana ndi mayi wina amene anamangirira jumbo m'chiuno, mkati mwa chitenje. Titamufunsa, anatimasulira. Munali chiphaso cha unzika, buku la kuchipatala la mwana, ndi kapepala komwe anasainirana pogula ukonde. Tinati, bwanji osasiya kunyumba? Iye anangoti, "Ndikasiya, sindidziwa ngati ndikazipeze." Nkhani yathu lero ndi ya jumbo imeneyo.

Mapepala a mzimayi ali ndi adani atatu: madzi, moto, ndi munthu. Za madzi simukufunika kuuzidwa ndi ife. Nyanja ya Chilwa mumaidziwa khalidwe lake. Mu 2018 inaphwa mpaka mabwato kutsala pamatope, koma mu March 2023 namondwe wa Freddy atafika, madzi analowa m'nyumba kuno kummwera, anthu oposa 500,000 n'kusowa pokhala. Pothawa usiku munthu amanyamula mwana, osati satifiketi.

Koma mdani woopsa ndi munthu, chifukwa iye amachita kusankha choti awononge. Mwamuna amatentha satifiketi ya MSCE ya mkazi wake kuti asakafune ntchito. Wina amaswa foni chifukwa muli mauthenga ake oopseza. Bambo akamwalira, achibale amayamba ndi kutenga chikwama cha mapepala, kenako bwato ndi maukonde. Malamulo alipo. Lilipo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja. Lilipo la 2011 lokhudza chuma cha masiye, lomwe limati kulanda katundu wa masiye ndi mlandu. Lilipo la 2016 lokhudza za pa intaneti, lomwe limati kuzunza kapena kuopseza munthu kudzera pa foni ndi mlandu. Koma mukafika ku Victim Support Unit kapena kukhoti, funso limakhala lomwelija: mayi, umboni wanu uli kuti?

Ndiye tiyeni tione njira yosungira umboniwo pamalo poti madzi safika, ndipo bambo a kunyumba sangautenthe.

Anzathu a kompyuta amati cloud. Musaganize kuti zinthu zanu zikupita kumitambo ayi. Ndi makompyuta akuluakulu a kampani, ali kutali, ndipo kampaniyo imakupatsani kachipinda kanu komwe kiyi wake ndi pasiwedi. Foni ikagwera m'nyanja, zomwe munaika m'kachipindamo zimakhalabe. Mumangobwereka foni ina, n'kulowa, n'kuzipeza. Ife tikuphunzitsani Google Drive, chifukwa m'mafoni ambiri a Android imabwera ili kale momwemo, ndipo amapereka malo okwana 15 GB ulere. Malowo ndi okwanira mapepala masauzande.

Choyamba, akaunti. Apa ndi pomwe ambiri timagwa, ndiye tamvetsetsani. Tadzifunsani, imelo yomwe ili m'foni mwanuyo anakutsekulirani ndani? Ambiri tiyankha kuti ndi chibwenzi chomwe chinatigulira foniyo, kapena mnyamata wa pamalo potchajitsa mafoni. Ngati zili choncho, kiyi wa chipindacho ali ndi wina, ndipo kuikamo umboni kuli ngati kusungitsa nsomba kwa mphaka. Tsekulani yanuyanu. Lowani mu Drive, dinani kachithunzi kozungulira pamwamba kumanja, sankhani Add another account, kenako Create account. Pasiwedi isakhale dzina la mwana wanu kapena chaka chomwe munabadwa, zimenezo ngakhale apongozi amazidziwa. Lumikizani mawu anayi osagwirizana omwe inu nokha mungawakumbukire, muwonjezere manambala.

Chachiwiri, nambala ya foni yomwe muikepo. Mukaiwala pasiwedi, Google imatumiza kanambala kachinsinsi ku nambala imeneyo. Choncho ikhale SIM yolembetsedwa ndi chiphaso chanu, osati cha amuna anu. Ikatayika, inu nomwe mukhoza kupita ku Airtel kapena TNM ndi chiphaso chanu kukabwezeretsa nambalayo. Mukatero lowani pa Security muyatse 2-Step Verification, kuti munthu akaba pasiwedi asalowebe. Pomwepo pali Backup codes, manambala khumi osungira tsiku loipa. Alembeni papepala, mukasungitse kwa mchemwali wanu kapena munthu yemwe mumamukhulupirira ndi moyo wanu.

Chachitatu, kuikamo zinthu. Dinani chizindikiro cha + musankhe Folder, mupange mafoda atatu: la ziphaso, la katundu ndi ndalama, ndi la umboni. La umboni lija mukhoza kulipatsa dzina losakopa maso, ngati "Maphikidwe". Pojambula pepala, sankhani Scan kapena kachizindikiro ka kamera. Yalani pepalalo pamalo owala, lioneke lonse, siginecha ndi chidindo ziwerengeke. Lipatseni dzina lomveka, mwachitsanzo "Kugula bwato June 2022". Ngati ndi chithunzi kapena mawu ojambulidwa omwe ali kale m'foni, sankhani Upload.

Chachinayi, ichi ambiri chimawapusitsa. Mu Settings ya Drive muli mzere wolembedwa Transfer files only over Wi-Fi. Ukakhala woyatsa, fayilo imangodikira Wi-Fi, inu n'kumaganiza kuti yapita pomwe ikadali m'foni. Kuno Wi-Fi muipeza kuti? Zimitsani mzere umenewo kuti izitumiza ndi bandulo. Mapepala sadya bandulo yambiri, amene amadya ndi mavidiyo. Netiweki ikavuta musade nkhawa, ikabwera imapitiriza. Koma musanafufute kanthu m'foni, tsimikizani kuti kafikadi.

Nanga muikemo chiyani? Chiphaso cha unzika mbali zonse ziwiri. Masatifiketi a sukulu. Kalata ya ukwati. Ziphaso za kubadwa za ana ndi mabuku akuchipatala. Mapepala ogulira malo, bwato, injini, ukonde. Tsamba la buku la banki mkhonde pomwe pali dzina lanu. Mauthenga a Airtel Money kapena Mpamba osonyeza kuti ndalama zogulira malata zinachokera kwa inu. Ndipo ngati mukuchitiridwa nkhanza: zithunzi za mabala tsiku lomwelo, lipoti la kuchipatala, kalata ya kupolisi, ndi mauthenga oopseza. Pojambula uthenga wa pa WhatsApp, onetsetsani kuti nambala ya wotumizayo ndi tsiku zikuoneka.

Tsopano tinene zoona zake, kuti musadzatinene kuti tinakunamizani. Chithunzi cha satifiketi si satifiketi. Pepala lenileni lisungenibe bwino. Koma likatayika, chithunzicho chimasunga nambala, tsiku, ndi mayina a mboni, ndipo poyambira kufunsa lina mumakhala napo. Chinanso, Google inalengeza kuti akaunti yomwe yatha zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito ikhoza kufufutidwa, ndiye muzilowamo mwa apo ndi apo. Mukafufuta fayilo mwangozi, imakhala mu Trash kapena Bin masiku 30, mukhoza kuibweza.

Kwa inu amene amuna anu amasecha foni usiku uliwonse, mverani izi. Akaunti yatsopano ikakhala m'foni, imaoneka. Mukamaliza kutumiza, ichotseni pa foniyo kudzera mu Settings. Kuchotsa akaunti pa foni sikufufuta zomwe zili mu Drive. Kapena musaiike n'komwe: tsekulani Chrome, sankhani Incognito, lembani drive.google.com, mukamaliza mutseke. Ndipo ngati mukuona kuti akakupezani nazo moyo wanu ukhala pachiswe, musaumirire. Gwiritsani ntchito foni ya mnzanu wodalirika. Moyo ndiwo woyamba, umboni pambuyo. Mukafuna woyankhula naye, imbani 5600, ndi nambala yaulere ya nkhani za nkhanza. Ikakhala nkhani ya mwana, imbani 116.

Chenjezo lina ndi la zithunzi zija timajambula tili tokha m'chipinda. Google Photos ikayatsidwa imatumiza chithunzi chilichonse ku akaunti yomwe ili m'foni. Ngati akauntiyo anatsekula ndi chibwenzi, ndiye kuti akuziona, ndipo chikondi chikatha ena amaopseza nazo. Madzi akatayika saoleka. Lero lomwe lowani pa Security, muone pa Your devices. Foni yomwe simukuidziwa, itulutseni, musinthe pasiwedi.

Pomaliza, inu atsikana a ku Zomba, Blantyre, Lilongwe, amene muli ndi mafoni akuluakulu pomwe amayi anu kuno ali ndi kamabatani. Mukabwera pa holide musangojambula nyanja ndi kulowa kwa dzuwa. Khalani pansi ndi amayi, ndi azakhali, apempheni amasule jumbo ija. Ayambe avomera okha, chifukwa mapepalawo ndi awo. Atsekulireni akaunti m'dzina lawo, pa nambala yawo, pasiwedi ayidziwe iwo. Musakhale inu munthu wina wogwira kiyi wa chipinda cha mzimayi mnzanu. Ntchito yonseyi siikwana ola limodzi.

Tsopano tulutsani mafoni, mukhale awiriawiri, wodziwa ndi wosadziwa. Tiyamba ndi chiphaso cha unzika. Palibe akwere bwato lobwerera asanaike pepala limodzi.