Chinua Achebe: Mwana wa Mphunzitsi Amene Sanataye za Makolo

Nkhani ya lero iri ya Chinua Achebe wa ku Nigeria, mlembi wochuka wa mabuku a nthano zazitali. Iyenera kumveka pa msonkhano ngati uno pakuti munthuyu analeredwa m'nyumba ya mphunzitsi wa mishoni, ndipo funso limene anabvutika nalo liri m'sukulu zanu tsiku ndi tsiku: kodi mwana akaphunzira za m'buku ayenera kutaya za agogo ake?

Achebe anabadwa pa 16 November, 1930, nakulira pa mudzi wa Ogidi, pakati pa mtundu wa Aigbo. Atate ake, a Isaiah Achebe, anali mphunzitsi ndi mlaliki wa Church Missionary Society. M'nyumba mwao munali nyimbo za Mulungu ndi Buku Lopatulika. Koma abale ena pamudzipo anali kusungabe miyambo yakale, ndipo mnyamatayo ankapita kwa iwo, napenya, namvetsera. Amai ake ndi mlongo wake wamkulu ankamsimbira nthano, iye nazisunga mumtima.

M'caka ca 1944 analowa sukulu ya boma ku Umuahia, ndipo mu 1948 anapita ku University College, Ibadan. Anayamba maphunziro a udotolo, koma citatha caka anawasiya nasankha Cingelezi, mbiri yakale ndi za cipembedzo, ngakhale potero anataya thandizo la ndalama limene analandira. Kumeneko anawerenga buku la Joyce Cary lochedwa Mister Johnson. Munthu wakuda wa m'bukumo sanafanane ndi anthu amene Achebe anawadziwa kwao. Tsono anatsimikiza mtima kuti za Aigbo zilembedwe ndi mwini wake.

Atatsiriza maphunziro mu 1953 anaphunzitsa miyezi yowerengeka pa Oba, nalowa nchito ya wailesi ku Lagos mu 1954. Buku lake loyamba analilemba pamanja, natumiza mapepala onse ku London pamodzi ndi £22 kuti akawataipe. Inapita miyezi osamva kanthu, kufikira mkulu wake wa panchito, Angela Beattie, anakawalondola. Cotero Things Fall Apart inasindikizidwa ndi a Heinemann mu 1958, mabuku 2,000 okha. Pambuyo pake inamasuliridwa m'zinenero zoposa 50.

Bukuli lisimba za Okonkwo, ngwazi ya ku Umuofia, amene anaopa kuoneka wofooka monga atate ake. Mantha amenewo anamphetsa Ikemefuna, mnyamata woleredwa m'nyumba mwake. Mwana wake Nwoye anamthawa nalowa Cikristu. Ndipo potsiriza, ulamuliro wa Azungu utakhazikika, Okonkwo anadzimangirira. Taonani cilungamo ca mlembiyu. Anaonetsa kuti Aigbo anali ndi mabwalo a milandu, ulemu ndi miyambi yanzeru Azungu asanafike. Koma sanabise kuti mapasa ankatayidwa kuthengo, ndi kuti anthu osalidwa anapeza malo mumpingo. Sananamizire makolo, sananamizirenso amishoni.

Anatsatiza ndi No Longer at Ease (1960), Arrow of God (1964), A Man of the People (1966) ndi Anthills of the Savannah (1987). Analemberanso ana Chike and the River mu 1966. Kuyambira 1962 anali wosankha mabuku a African Writers Series, natsegulira khomo alembi ambiri. Limodzi la mabuku oyamba m'gululo linali Zambia Shall Be Free la a Kenneth Kaunda. Dziko lino analipondanso. Pa ulendo umene anauyamba mu 1960 anakwera basi ya ku Victoria Falls, nakhala pa mipando ya kutsogolo imene inali ya Azungu okha, ndipo sanacokepo. Potsika, anthu akuda a m'basimo anamuombera m'manja.

Mabvuto sanamlambalale. Pa nkhondo ya ku Biafra, 1967 kufikira 1970, anali wolankhulira anthu a kwao m'maiko akunja. Mu 1990 ngozi ya galimoto inampundula miyendo, koma anaphunzitsabe ku America. Analandira mphotho ya Man Booker International mu 2007. Anamwalira ku Boston pa 21 March, 2013, naikidwa kwao ku Ogidi.

Aphunzitsi, mau a akulu akoma akagonera. Zimene Achebe anamva ali mwana ndizo zinakhala cuma cake atakula. Pa phunziro la cimangirizo, uzani ana afunse nthano kapena mwambi kwa agogo ao, aulembe m'cinenero cao, nauwerenge pamaso pa anzao. Mwana akachula mwambo wa kwao musamseke. Mumfunse tanthauzo lake, ndipo muupime naye pamodzi, cabwino ndi coipa comwe. Nkhalamba za m'midzi mwanu zirikutha, ndipo nthano imene siilembedwa caka cino kapena siidzapezekanso caka camawa.