Mdima wa ku Uppsala

Anzanga amene tinkalimbirana nyemba zofumbwa zija!

Nditafika ku Uppsala, m'dziko la Sweden, chimene chinandisautsa kwambiri chinali mdima. Mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 3 koloko masana. Ndinkangodzitsekera m'chipinda, mpaka ndinaganiza zosiya sukulu.

Pa 13 Disembala mnzanga wina anandikokera ku mwambo wa Lucia: mtsikana wovala zoyera, makandulo oyaka pamutu, anzake akuimba pambuyo pake. Kumeneko ndinapeza ocheza nawo. Pofika pa 30 Epulo, tsiku la Valborg, tinali chigulu, tikuchemerera ophunzira akuyandama pa mtsinje wa Fyris m'timabwato todzipangira okha.

Tsono ana athu akamapita kunjako, muziwauza kuti akaitanidwa asamakane. Kali kokha n'kanyama.