CHUMA CHOBISALA M'ZITSONONKHO

Mawu amene anayankhula mlendo wolemekezeka pa msonkhano wapachaka wa ophunzira akale ku Ntcheu

Mwandipempha kuti ndikambepo za sayansi, ndipo ine ndiyambira pa thobwa.

Mayi akaphika phala, amathiramo chimera kuti litsekemere. M'chimeramo muli tinthu tofulumizitsa ntchito yosandutsa ufa kukhala shuga, koma ito sititha nayo ntchitoyo. Asayansi amati kanthu kotere ndi catalyst. Tingati ndi nkhoswe: imalumikiza awiri, ukwati nkutheka, iyo nkubwerera kwawo ili yomweyo.

M'mafakitale nkhoswe zodalirika kwambiri ndi zitsulo zamtengo wapatali monga platinum ndi palladium. Platinum wambiri pa dziko lonse amakumbidwa ku South Africa, ndipo mtengo wake si wa munthu wamba. Komatu m'chaka cha 1897 Mfalansa wina, Paul Sabatier, anaonetsa kuti nickel, chitsulo chotchipa, chimatha kulowetsa mpweya wa hydrogen m'mankhwala ena. Analandira mphoto ya Nobel mu 1912, ndipo nzeru yakeyo ndiyo inatsegula njira yolimbitsira mafuta ophikira kukhala majarini.

Lero akatswiri akumwaza timibulu ta nickel, kopa, cobalt kapena chitsulo wamba pa makala. Awa si makala apambaula ayi, koma otenthedwanso ndi nthunzi mpaka atachita timabowo tosaoneka ndi maso. Timabowo ta mu galamu imodzi titati tiyalidwe, tingaphimbe malo oposa masikweya mita 500. Pamenepo chitsulo chochepa chimagwira ntchito yaikulu, ndipo makalawo sasungunuka m'madzi otentha kapena owawasa.

Nanga nkhoswe zimenezi zikwatitsa yani? Zitsononkho zija timasonkhezera moto, mukaziphika ndi asidi zimatulutsa madzi otchedwa furfural. Kampani ya Quaker Oats ku America inayamba kupanga furfural kuchokera ku madeya a oats m'zaka za m'ma 1920. Ku Sezela, m'dziko la South Africa, kampani ya Illovo yakhala ikumupanga kuchokera ku zotsalira za nzimbe. Furfural akakumana ndi hydrogen pamaso pa nkhoswe, amasanduka furfuryl alcohol, amene amamatira mchenga wa zikombole zoumbira zitsulo. Kwa zaka zambiri ntchitoyi yadalira kopa wosakaniza ndi chromium, koma zinyalala za chromium ndi poizoni. Nchifukwa chake maso ali pa makala.

Musati izi ndi za kunja kokha. Malawi anayamba kupanga ethanol ku Dwangwa mu 1982, kuchokera ku madzi akuda otsala popanga shuga, ndi kumusakaniza ndi petulo. Fakitale yachiwiri, ya PressCane, inatsegulidwa ku Chikwawa mu 2004. Tinayamba kale kupeza mafuta m'zomera.

Tsono taonani kuno kwathu. Matumba a makala andanda m'mbali mwa msewu wa M1, pamene nkhalango za Dzonzi ndi Mvai zikuyera. Mu 2018 damu la Mpira linaphwa, anthu a ku Ntcheu ndi ku Balaka nkusowa madzi. Mtengo wa zaka 30 tikuugulitsa mtengo wa ndiwo, chonsecho makala a timabowo aja angathe kupangidwa ndi zitsononkho kapena makoko a mtedza, popanda kugwetsa mtengo ndi umodzi womwe.

Chosowa si zipangizo zakumunda, amayi ndi abambo, koma mitu yodziwa kuzisandutsa. Mwana sangakonde sayansi ya pa bolodi pokha. Ayenera kugwira botolo ndi manja ake, aone madzi akusintha mtundu. Pempho langa nali: zopereka zathu za chaka chino zipite ku chipinda cha sayansi cha sukulu yathu, ndipo amene tili pa ntchito tizibwera kudzacheza ndi ana a Fomu 3 ndi Fomu 4. M'mera mpoyamba.