WAYA WOYESA MPWEYA NDI BALANI LA FODYA

Pa mseu wocokera ku Harare kunka ku Chirundu pali Karoi, dziko la fodya. Mapulazi ace ambiri anatsegulidwa itatha nkhondo ya 1939-1945, ndipo anthu ocokera ku Nyasaland, ndiye Malawi wa lero, anagwira nchito m'mabalani ace. Iwo anaona msanga kuti fodya saumitsidwa ndi moto wokha, koma ndi mpweya wotentha wopita pakati pa masamba.

Pa magawo 10 a tsamba laliwisi, magawo 8 kapena kuposerapo ndi madzi, ndipo madziwo ayenera kuturuka m'sabata limodzi. Masiku oyamba kutentha kukhala pafupi ndi madigiri 38, mazenera atatsegulidwa pang'ono pokha, kuti tsamba lisanduke lacikasu. Potsiriza kufika madigiri 70 kuti msempha wa pakati uume. Mpweya ukacepa, cinyezi cikhalira pa tsamba, nilida. Ukacuruka msanga, tsamba liuma likali lobiriwira. Cobvuta ndi ici: mpweya suoneka ndi maso.

Koma ungathe kuyesedwa. Yense adziwa kuti phala lizirala msanga polipemerera. M'caka ca 1914 L. V. King wa ku Montreal analongosola lamulo la kuzirala kotere, ndipo zipangizo zambiri za lero zitsata nzeru yomweyi. Waya woonda koposa tsitsi, wa platinum kapena tungsten, atenthedwa ndi magetsi. Mpweya popita umziziritsa, ndipo makina aonjezera magetsi kuti waya asazirale. Kucuruka kwa magetsiwo ndiko kusonyeza liwiro la mpweya. Injini zambiri za galimoto ziri ndi cipangizo cotere coyesa mpweya wolowa, kuti mafuta aperekedwe molingana. Koma waya akakutidwa ndi pfumbi anama, motero afunika kumtsuka.

Kuyambira 2000 fodya wambiri wa m'cigawo ca Karoi alimidwa ndi alimi a minda yaing'ono, amene aumitsa ndi nkhuni, ndipo nkhalango za miombo zirinkutha. Mpweya wotentha woturuka pacabe pa denga ndiwo nkhuni zopserera cabe. Cipangizo sicingalowe m'malo mwa munthu wogona pa ng'anjo usiku wonse. Cingomuuza za mpweya umene sangauone. Wodziwa muyeso wa mpweya asunga mitengo iwiri: mtengo wa fodya ku msika, ndi mtengo wa kuthengo.